M'mene Nyumba za ku Soweto Zinamangidwira

Nkhani ya lero ndi ya mamangidwe a nyumba ku Joni, mzinda umene amuna ambiri a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia anaudziwa bwino, ena popita ndi Wenela, ena pa ulendo wa selufu.

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu akuda anakhamukira ku Joni kukafuna ntchito m'mafakitale, koma nyumba zinali zosakwanira. M'chaka cha 1944 James Mpanza anatsogolera anthu osowa pogona, ndipo anamanga misasa ya masaka pafupi ndi Orlando. Boma linaona kuti pafunika nyumba zikwizikwi, komabe silinafune kutayapo ndalama zambiri.

Tsono ntchito yofufuza inaperekedwa kwa akatswiri a National Building Research Institute ku Pretoria, ndipo mmodzi wa iwo anali Douglas Calderwood. Akatswiriwa sanayambe ndi njerwa ayi, anayamba ndi mafunso. Anafufuza kuchuluka kwa anthu pa banja ndi ndalama zimene banja linkalandira, kuti adziwe lendi imene lingathe kulipira. Anayeza malo amene kama ndi tebulo zifuna m'chipinda. Anayesanso makoma, kuti aone kuchepa kwa khoma limene lingapirire mvula. Pa zonsezi panatuluka mapulani awiri otchuka: NE 51/6, nyumba ya zipinda zinayi yokhala ndi chimbudzi panja, ndi NE 51/9, yokhala ndi bafa m'kati. Zilembo za NE zitanthauza anthu osakhala Azungu, ndipo 51 ndicho chaka cha 1951.

Koma pulani yokha simanga nyumba. Vuto lalikulu linali la amisiri, pakuti ntchito yaumisiri m'mizinda inali m'manja mwa Azungu a malipiro okwera. Lamulo la 1951 linalola anthu akuda kuphunzira ndi kugwira ntchito yomanga, koma m'malokesheni mokha, ndiponso pa malipiro otsika. A. J. Archibald, injiniya wa tauni ya Springs, anayesa njira yatsopano pomanga Kwa-Thema. M'malo mwakuti mmisiri mmodzi adziwe ntchito yonse, anaigawa m'zigawo: gulu lina kukumba maziko, lina kuika njerwa, lina kukhoma denga, gulu lililonse likuyenda nyumba ndi nyumba. Motero munthu ankaphunzira gawo lake msanga, ndipo kapitao ankadziwa kuti ntchito yachedwa pati.

M'chaka cha 1954 mzinda wa Johannesburg unakhazikitsa nthambi yake yomanga nyumba, nuika Archibald kukhala mkulu wake. M'chaka cha 1956 Sir Ernest Oppenheimer anakonza ngongole ya mapaundi 3 miliyoni yochokera ku makampani a migodi. Pofika 1958 nyumba pafupifupi 40 zinkatha tsiku limodzi. Malokesheni amenewa anapatsidwa dzina lakuti Soweto m'chaka cha 1963.

Kufufuzako kunayankha bwino funso limene kunapatsidwa, ndilo lakuti nyumba ingamangidwe bwanji msanga ndi motchipa. Koma funsolo linasankhidwa ndi Boma la tsankho. Anthu anafunsidwa za malipiro awo, osafunsidwa kumene akadakonda kukhala. A ku Sophiatown anayamba kusamutsidwa mokakamiza m'chaka cha 1955 kupita ku Meadowlands. Mabanja anagawidwa m'malokesheni monga mwa mitundu yawo, sanaloledwe kugula malo amene nyumba zinaimapo, ndipo ku ntchito kunali kutali, ulendo wa sitima m'mamawa ndi madzulo. Eni akewo anazitcha nyumbazo mabokosi a machesi.

Aliyense woyendetsa ntchito yomanga angatolepo nzeru ziwiri. Yoyamba, kuyeza ndi kuwerengera asanakumbe maziko kupulumutsa ndalama ndi nthawi. Yachiwiri, ndiyo yoposa, wodzagona m'nyumbamo afunsidwe poyamba, pakuti pamene denga lidontha adziwa ndi iyeyo.