Thirakitala imawerenga maola, osati miyezi

Anthu ambiri amadziwa Mchesi chifukwa cha amisiri a matabwa ndi mabokosi a maliro, koma alimi amene ali ndi mathirakitala amamudziwa pa chifukwa china. Mvula ikayandikira, m'magalaja a kumeneku mumafika mainjini ochokera ku Mitundu, Nsaru ndi Mchinji, atagonekedwa pa matayala kumbuyo kwa galimoto. Mwini wake amangoti "yanoka". Makaniko akatsegula amapeza mabering'i atadyeka, ndipo m'sampu muli phala lakuda lonanda ngati phula.

Pa ntchito yanga yolangiza alimi ndimafika m'magalajawa kawirikawiri, ndipo funso langa kwa mwini injini limakhala limodzi: oyilo munasintha liti? Yankho lake limabwera m'miyezi. "Tinasintha titangokolola." Apa ndiye pagona vuto, chifukwa injini ya thirakitala imakalamba ndi maola amene yalira.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mathirakitala ambiri akale a Massey Ferguson, okhala ndi injini za Perkins, buku lake limanena kuti oyilo asinthidwe pa maola 250 aliwonse. Mu Okutobala ndi Novembala, thirakitala yaganyu imalima maola 10 pa tsiku, mwina kuposa, popeza aliyense akufuna munda wake ugaulidwe mvula isanagwe. Maola 250 akwana m'masiku 25 basi. Mlimi amene anathira oyilo watsopano mu Meyi, nakokera chimanga ndi fodya dzinja lonse lisanafike, amalowa m'nyengo yolima oyiloyo atatopa kale.

Komanso maola 250 amenewa anawerengera malo abwino. Dothi la kuno mu Okutobala limakhala louma gwa, ndipo dalaivala potsika amakhala mbuu mpaka m'nsidze. Fumbi lomwelo injini ikupuma. Likadutsa sefa ya mpweya limasakanikirana ndi oyilo n'kuyamba kupala maring'i ndi mabering'i ngati mchenga pa poto. Pa nyengo yotere ine ndimalangiza kudula maola pakati, kusintha pa 125 kapena 150. Ngati thirakitala yanu ndi ija yokhala ndi kambale ka oyilo pansi pa sefa ya mpweya, kambaleko kayang'aneni m'mawa uliwonse, ndipo matope akaunjikana tsukani, muthiremo wina.

Wina ati: nanga mita ya maola inafa kale, tiwerenga bwanji? Zoona, mwa mathirakitala amene ndimaona, ochepa ndiwo ali ndi mita yamoyo. Gulani kope la ana a sukulu, dalaivala azilemba nthawi imene waliza ndi imene wazimitsa. Akamazemba kulemba, werengani mahekitala amene walipiritsa, chifukwa pa ndalama palibe amaiwala. Thirakitala yongokhala nayonso isapitirire chaka ndi oyilo mmodzi, pakuti chinyezi chimalowa m'sampu ngakhale injini ili chete.

Tsono oyilo wake uti? Pa chigubu pamakhala zolemba ziwiri zofunika. Choyamba ndi kulemera kwake, monga SAE 40 kapena 15W-40. SAE 40 ndi amene makolo athu anazolowera m'zigayo ndi m'mathirakitala, ndipo kukatentha amagwira ntchito. Koma m'mawa wa Juni ndi Julaye kuno ku Lilongwe amakhala wolimba, amachedwa kukwera kumutu kwa injini, ndipo pa kanthawi kameneko zitsulo zimakhulana zouma. 15W-40 amayenda msanga kukazizira, n'kukhalabe ndi thupi injini ikatentha. Kwa mlimi wa m'chigawo chapakati ameneyu ndiye ndimasankha.

Chachiwiri ndi zilembo za API, bungwe la ku America limene limaika miyezo ya oyilo. Zoyamba ndi S ndi za injini ya petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Muona CF-4, CH-4 amene anatuluka mu 1998, kapena CI-4 wa mu 2002. Pa thirakitala yakale aliyense mwa amenewa akwanira, ndipo ngati ili ndi tebo musatsike pansi pa zimene buku lake lanena. Chigubu chikakhala ndi S yekha, chisiyireni a minibasi za petulo. Dizilo amatulutsa mwaye wambiri ndi asidi, ndipo oyilo wa C ali ndi mankhwala ogwira mwayewo kuti usamatirire m'njira za oyilo.

N'chifukwa chake oyilo wa dizilo amada msanga. Ndimamva ena akudandaula kuti anagula wachinyengo poti wada patangotha masiku atatu. Kudako ndi umboni woti akutsuka. Wondidetsa nkhawa ine ndi oyilo amene walira maola 100 koma akadali mbee. Nako kutikita oyilo pa zala, kumene amakonda achimwene athu ena m'magalaja, sikungakuuzeni ngati mankhwala aja atha mphamvu. Zimene kandodo koyezera kangakuuzeni ndi izi: oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa, akamachuluka yekha n'kumanunkha dizilo, pali podontha, mwina pa pampu kapena pa mainjekitala. Zonse ziwiri musalimire, imitsani.

Mawu anga olemera ndasungira oyilo wa m'mabotolo a zakumwa, wopanda dzina, wogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Wina amakhala wabwino, wochita kupungulidwa mu diramu. Wina ndi wotsitsidwa m'galimoto, waikidwa pansi kuti zinyalala zidikhe, wasefedwa pa nsalu. Ndi maso simungasiyanitse, ngakhale ine sindingathe. Injini ya Perkins ya masilinda anayi imamwa malita pafupifupi 8, ya masilinda atatu ya mu MF 135 pafupifupi 6. Ndalama imene mungapulumutse pa malita amenewa ikani pambali pa mtengo wopala kulankishafuti, mabering'i, maring'i ndi magasiketi, kenaka muwonjezere masabata atatu a Novembala thirakitala ili pa miyala, alimi amene analipira kale akubwera pakhomo m'mawa uliwonse. Gulani chigubu chomata, ndipo chidindo chake mudule nokha.

Posintha, lizani injini itenthe kaye kuti zinyalala zituluke pamodzi ndi oyilo. Fyuluta isinthidwe nthawi yomweyo. Kuitsuka ndi petulo n'kuibwezera, monga ena amachitira, kumangoboola pepala la m'kati. Pakani oyilo pang'ono pa kalabala ka fyuluta yatsopano, mangani ndi manja, lizani mphindi zochepa, zimitsani, dikirani, muyezenso thirakitala itaima pamalo osapendekeka.

Oyilo wakaleyo musamutaye m'ngalande, popeza mvula yoyamba idzamutsitsira mumtsinje wa Lilongwe, kumene anthu amachapa ndi kuthirira madimba. Musapakenso pa zilonda za ng'ombe kapena pofuna kupha nkhupakupa. Mutsekereni m'chigubu, mulembepo kuti ndi wakale, ndipo wobwera kudzamugula mumufunse kumene akupita naye.