Makhadi awiri m'kompyuta imodzi: chimadetsa sikirini n'chiyani?

Msika wa fodya ukatsekulidwa ku Chinkhoma, omwe amamwetulira si alimi okha. Ndalama za mabelo zikayamba kuyenda, kuyambira cha mu Epulo kumka m'tsogolo, maukwati, zinkhoswe ndi miyambo ya ziliza zimachuluka, ndipo aliyense amafuna mwambo wake ujambulidwe. Apa ndi pomwe achinyamata a mashopu a kompyuta pa Kasungu boma, Santhe, Chamama, Mtunthama ndi Nkhamenya amapherapo makwacha: kukonza makanema, kusindikiza makalata oitanira anthu, kukonza zithunzi ndi kubena nyimbo.

Ntchito ikachuluka kompyuta imayamba ulesi. Kanema wa ukwati wa maola atatu imachezera naye usiku wonse, mwina magetsi n'kuthima asanathe. Mnzake wa mwini shopu amamulangiza kuti agule graphics card, khadi lomwe limathandiza kompyuta kuonetsa ndi kukonza zithunzi. Munthu amatapa pa mpamba, ulendo wa ku Lilongwe, n'kubwera nalo khadi la kaunjika. Amalilowetsa, kuyatsa, mafani n'kumalira bwinobwino, koma sikirini ili bii. Mwini ukwati akufuna kanema wake Loweruka, ndipo theka la ndalama adalipira kale.

Ambiri zikatere amagamula kuti khadi ndi lakufa, kapena kuti motherboard yapsa, n'kuyamba kusaka ndalama zina. Komatu nthawi zambiri palibe chomwe chafa. Chomwe chachitika n'choti kompyutayo tsopano ili ndi zoonetsera zithunzi ziwiri, ndipo mwini wake sakudziwa kuti chikugwira ntchito ndi chiti.

Makompyuta ambiri a kaunjika omwe ali m'mashopu muno, monga Dell OptiPlex ndi HP a m'maofesi, ali kale ndi choonetsera zithunzi cha Intel chomwe chili m'kati mwa processor. Bowo lake lobayapo nthambo ya sikirini lili kumbuyo, pamodzi ndi mabowo a USB ndi a mbewa. Khadi latsopano limabwera ndi mabowo akeake, omwe amatulukira padera, potsirizira mipata ya makhadi. Makompyuta ambiri akangoona khadi latsopano amatseka choonetsera chakalecho. Tsono nthambo ikasiyidwa pa bowo lakale, sikirini siilandira kanthu. Kusamutsa nthamboyo kupita pa bowo la khadi ndi ntchito ya masekondi khumi, ndipo palibe cholipira. N'zomvetsa chisoni kuti pali anthu omwe amakwera minibasi kukabweza khadi labwinobwino chifukwa cha ichi chokha.

Nthambo ikakhala pa malo oyenera koma mdima ulipobe, choyang'ana chotsatira ndi nthambo yomweyo. Masikirini ambiri akale ndi a VGA, nthambo ya mutu wabuluu ija, pomwe makhadi atsopano ali ndi HDMI, DisplayPort kapena DVI. Pa DVI ndi pomwe pali msampha. Mabowo a DVI alipo a mitundu iwiri yodziwika: DVI-I, lomwe pambali pa kampata kopyapyala lili ndi timabowo tinayi, ndi DVI-D, lomwe lilibe timabowoto. Kachipangizo kotsika mtengo kosinthira DVI kupita ku VGA kamagwira ntchito pa DVI-I pokha. Pa DVI-D sikangatheke, ngakhale munthu atadula timano take kuti kalowe. Pamenepo pamafunika chosinthira cha HDMI kupita ku VGA, chomwe chili ndi kaubongo kake m'kati. Sikirini nayo ili ndi batani losankhira komwe chithunzi chikuchokera. Ikhoza kumadikira pa VGA chithunzi chikubwera pa HDMI.

Zimenezi zikalephera ndi pomwe munthu angatsekule bokosi. Ayambe wazula nthambo ya magetsi pakhoma, adine batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, kenaka akhudze chitsulo cha bokosilo asanagwire khadi. Khadi limalowa mu mpata wautali wotchedwa PCIe x16. Pa motherboard yokhala ndi mipata iwiri yaitali, siikhala yofanana mphamvu nthawi zonse: kawirikawiri woyandikira processor ndiwo umakhala wathunthu, winawo nthawi zambiri umayenda pa x4 pokha ngakhale ukuoneka chimodzimodzi. M'makompyuta ambiri a OptiPlex mpata wathunthuwo ndi wabuluu. Khadi likhale pansi monse mpaka kaloko ka kumapeto katseke, ndipo limangidwe ndi sikuluwu. Kompyuta yomwe imanyamulidwa pa kabaza kapena pa njinga yamoto kupita kumwambo ndi kubwerera, khadi limasukusika pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina imangokana kuonetsa.

Ndiye pali fumbi la ku Kasungu, lomwe kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba silisankha shopu. Limalowa mu mpata wa khadi, limamata mafani, khadi n'kumatentha. Chizindikiro chake n'choti kompyuta imayaka bwino mmawa, koma ikagwira ntchito yolemetsa kwa kanthawi sikirini imayamba mizeremizere kapena kuzima. Burashi yofewa youma ndi chopemerera mpweya ndi zokwanira. Timano tagolide ta khadi tikada, labala wofufutira pensulo amatiyeretsa, bola munthu apukute nyenyeswa zake asanalibwezere.

Koma vuto lomwe limadyetsa anthu ndalama zambiri ndi la moto. Mpata wa PCIe umapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna moto woposa pamenepo limakhala ndi bowo lake lolandirira moto kuchokera ku power supply: la mano 6 limawonjezera mawati 75, la mano 8 limawonjezera 150. Makompyuta aang'ono a m'maofesi aja adapangidwira kulemba makalata, ndipo power supply yawo nthawi zambiri imakhala ya mawati a pakati pa 180 ndi 255, yopanda nthambo za khadi. Chitsanzo ndi RX 580, khadi lomwe ladzadza pa msika wa kaunjika. Lokha limadya mawati 185, ndipo limafuna power supply ya mawati pafupifupi 500. Kuliika mu kabokosi ka mawati 240 kuli ngati kumanga bulu mmodzi pa ngolo yodzadza mabelo: mwina inyamuka, koma pa chitunda choyamba iima. Kompyuta yotere imazima yokha pomwe kanema wayamba kukonzedwa, ndipo mwini wake amaloza chala ESCOM pomwe babu lili chiyakire.

Pali amisiri ena omwe amalumikiza nthambo za hard disk kuti zipereke moto ku khadi lalikulu. Nthambo zimenezo sizidapangidwire moto wochuluka chotere. Zimatentha ndi kusungunuka, ndipo shopu yambiri ya kompyuta imagawana khoma ndi golosale kapena salooni ya munthu wina. Power supply yokhayo si yoti munthu aziitsekula, chifukwa imasunga moto ngakhale itazulidwa pakhoma. Chabwino ndi kuwerenga pepala lomatidwa pambali pake munthu asananyamuke kukagula khadi. Makhadi monga GT 1030, lomwe limadya mawati 30, ndi GTX 1050 Ti kapena GTX 1650, omwe amadya 75, ambiri mwa iwo sasowa nthambo yapadera. Wa bokosi lopyapyala afunsenso ngati khadi lili ndi chitsulo chachifupi chomangira, chomwe ogulitsa amati low profile, apo ayi chivindikiro sichitsekeka. Ogwiritsa ntchito jenereta kapena sola nawo awerengetsere: khadi lalikulu likhoza kupyola mphamvu ya inverter yomwe kale imakwanitsa kompyuta ndi printer.

Nanga yemwe akufuna zoonetsera zonse ziwiri zigwire ntchito, mwina kuti sikirini ina iyang'ane kwa kasitomala wosankha nyimbo, ina kwa mwini shopu? Choyamba, khadi limodzi lokha limatha kuyendetsa masikirini awiri. Windows ikayaka, kudina batani la Windows pamodzi ndi P kumabweretsa posankhira. Ngati mabowo sakukwanira, choonetsera cha Intel chija chimatsekulidwa mu BIOS. Pa Dell amalowamo podina F2 kompyuta ikungoyaka, pa HP ndi F10, pa ma motherboard ena ndi Del. Mmenemo mumakhala mawu monga Primary Display, Multi-Display kapena iGPU Multi-Monitor. Woyamba amasankha choonetsera chomwe chiziyamba, enawo amalola kuti zonse ziwiri ziyake. Si makompyuta onse omwe ali ndi mwayi umenewu, makamaka akale kwambiri. Ndipo processor ya Intel yomwe nambala yake imathera ndi F ilibiretu choonetsera m'kati, kotero mabowo a pa motherboard sadzaonetsa kanthu ngakhale munthu atasintha chiyani. Ngati zomwe zasankhidwa mu BIOS zikumafufutika magetsi akathima, ndipo tsiku ndi nthawi zikumabwerera mmbuyo, ndiye kuti kabatire kozungulira ka pa motherboard, ka CR2032, katha. N'kotsika mtengo, ndipo kamapezeka kwa okonza mawotchi.

Tsono pali ena omwe amagula makhadi enieni awiri poganiza kuti liwiro lichulukanso kawiri. Maganizowa adachokera kutali. Kampani ya NVIDIA idali ndi njira yolumikizira makhadi yotchedwa SLI, ndipo AMD idali ndi CrossFire. Zonsezi zidapangidwira osewera magemu, zinkafuna motherboard yovomereza njirayo, ndipo SLI inkafuna makhadi a mtundu umodzi. Ngakhale nthawi imeneyo, makhadi awiri a 2GB sankapanga 4GB, chifukwa lililonse linkasunga zinthu zofanana ndi linzake. AMD idasiya dzina la CrossFire mu 2017, ndipo NVIDIA idaleka kukonzera magemu atsopano njira ya SLI kuyambira Januwale 2021. Makhadi aang'ono omwe ali ofala m'mashopu, monga GT 710, GT 1030 ndi GTX 1050 Ti, njira imeneyi alibe n'komwe. Mapulogalamu ambiri okonzera makanema amagwiritsa ntchito khadi limodzi. DaVinci Resolve yaulere, mwachitsanzo, pa Windows imatenga limodzi, lachiwiri n'kumangodya magetsi ndi kutenthetsa bokosi. Wogulitsa yemwe akukakamiza munthu kutenga awiri akuthandiza thumba lake.

Makhadi awiri a makampani osiyana amabweretsanso mkangano wa ma driver, timapulogalamu tomwe timauza Windows mmene ingayankhulire ndi khadi. Windows 10 ndi 11 zimatha kusunga ma driver a NVIDIA ndi AMD pamodzi, koma otsalira a khadi lakale amasokoneza latsopano. Mu Device Manager, pa Display adapters, khadi lomwe lili ndi kachizindikiro kachikasu ndi Code 43 ndiye kuti Windows yaliimitsa. Mawu oti Microsoft Basic Display Adapter akutanthauza kuti driver yeniyeni palibe. Njira yake ndi kuchotsa khadi limodzi, kufufuta ma driver onse akale ndi pulogalamu yaulere ya DDU, n'kuika atsopano ochokera kwa opanga khadilo. Ma driver amenewa ndi aakulu, amadya bandulo, choncho ndi bwino kuwasunga pa flash. Khadi lililonse liyesedwe palokha mu mpata wathunthu uja. Likakana pamenepo, liyesedwe mu kompyuta ya mnzake wa shopu ina. Likakananso kumeneko, ndi pomwe munthu anganene kuti lafa.

Za mitengo, makhadi onse ndi ochokera kunja ndipo amatsatira dola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za kompyuta zidakwera limodzi ndi katundu wina wakunja, ndipo kulakwitsa pogula kudayamba kuwawa kwambiri. Pa msika pali makhadi achinyengo, akale omwe adasinthidwa dzina kuti azioneka ngati GTX 1050 Ti. Khadi la dzina limeneli lokhala ndi bowo la VGA ndi lokayikitsa, ndipo pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaulula ambiri otere. Palinso makhadi omwe adagwira ntchito usana ndi usiku kwa okumba ndalama za pa intaneti, omwe adatayidwa pa msika wa dziko lonse ndalama ya Ethereum itasiya kukumbidwa mu Seputembala 2022. Ena mwa iwo ndi abwinobwino, ena mafani adatopa. Wogula apemphe kuti khadi liyatsidwe iye akuona, lisewere kanema kwa mphindi zingapo, ndipo pa lisiti palembedwe nambala ya khadilo ndi masiku obwezera. Ulendo wa Kasungu ndi Lilongwe kupita ndi kubwera nawonso ndi gawo la mtengo.

Funso lomwe limaiwalika ndi loti khadilo likufunikadi kapena ayi. Wobena nyimbo, wolemba makalata ndi wosindikiza zithunzi za pasipoti salisowa. GT 710, lomwe limagulitsidwa kwambiri chifukwa cha kutsika mtengo, silipambana choonetsera cha Intel cha mu processor ya Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi. Phindu lake ndi mabowo owonjezera basi. GT 1030 ilibe mbali yofulumizitsa kutulutsa kanema yotchedwa NVENC, yomwe GTX 1050 Ti ili nayo, ndipo kwa wokonza makanema a ukwati kusiyana kwa makhadi awiriwa kwagona pamenepo. Kompyuta ya RAM ya 4GB ndi hard disk yakale imachedwa ngakhale itapatsidwa khadi lotani. Ndalama yomwe ikadapita ku khadi lachiwiri ikagula SSD ndi kukweza RAM kufika pa 8GB kapena 16GB, kusinthako kumaoneka tsiku lomwelo kompyuta ikungoyaka.