Koyilo yomva haidirojeni ndi sodiyamu pojambula ubongo

Munthu akachita sitiroko, madokotala amafuna kudziwa mbali ya ubongo yomwe yafa kale ndi yomwe ingapulumuke. Makina a MRI a masiku onse amajambula ubongo pomvera haidirojeni wa m'madzi a m'thupi. Koma sodiyamu, yemwe amapezeka mu mchere wothira m'ndiwo, amaululanso za umoyo wa maselo.

Selo lamoyo limakhalira kutulutsa sodiyamu, kotero kuti kunja kwake amachuluka pafupifupi kakhumi kuposa m'kati. Magazi akasiya kufika, selo limasowa mphamvu yogwirira ntchitoyi, ndipo sodiyamu amayamba kuchuluka pamalo ovulalawo. Kusintha kotere kumaonekanso mu zotupa za mu ubongo. Gulu la Sadek Hilal la pa Columbia University ku New York lidajambula sodiyamu m'mutu mwa munthu mu 1985.

Chida chomvera pa ntchitoyi ndi koyilo, yomwe wodwala amalowetsamo mutu. Imatumiza mafunde a wayilesi mu ubongo n'kulandira yankho lake. Chaka chomwecho cha 1985, Cecil Hayes ndi anzake ku General Electric adalengeza koyilo yotchedwa birdcage chifukwa imaoneka ngati khola la mbalame, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Monga momwe zimakhalira ndi masiteshoni a wayilesi, haidirojeni ndi sodiyamu amamveka pa malo osiyana. Mu makina a maginito a 3 tesla, haidirojeni amayankha pa 128 MHz pomwe sodiyamu amayankha pa 34 MHz. Koyilo yotcheredwa kumodzi siimva kwinako. Chikhalirecho zithunzi zonse ziwiri n'zofunika, popeza cha sodiyamu sichioneka bwino, ndipo cha haidirojeni ndicho chimasonyeza malo enieni a vutolo. Kusintha koyilo pakati pa ntchito kumasuntha mutu wa wodwala, zithunzizo n'kulephera kugwirizana.

Apa ndi pomwe pagona luso la mainjiniya. Yankho la sodiyamu ndi lofooka maulendo zikwizikwi poyerekeza ndi la haidirojeni, ndipo mbali yaikulu ya yankholo imazilala chisanathe chigawo chimodzi mwa 100 cha sekondi. Komanso makoyilo awiri akayandikana amasokonezana.

Njira imodzi ndi kuika mu koyilo tizida totchedwa misampha, tomwe timaichititsa kumva pa malo onse awiri, koma timadyako mphamvu ya yankho. Ina ndi kupanga makoyilo awiri, wa sodiyamu n'kukhala m'kati pafupi ndi mutu, wa haidirojeni kunja. Yachitatu ndi kuika timasiwichi tamagetsi tozimitsa koyilo imodzi pamene inzake ikugwira ntchito. Mu njira zonsezi, nthawi zambiri amakondera sodiyamu, chifukwa haidirojeni amamvekabe ngakhale atalandidwa pang'ono.

Kuno kwathu, makina a MRI a 0.35 tesla omwe adafika pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 adathandiza kusonyeza kuti kutupa kwa ubongo ndiko kumapha ana ambiri odwala malungo a mu ubongo. Maginito a mphamvu yotere ndi ochepa pojambula sodiyamu. N'chifukwa chake ntchitoyi ikuchitika makamaka m'malo a kafukufuku okhala ndi makina a 3 kapena 7 tesla, komwe koyilo yabwino imachepetsa nthawi yomwe wodwala ayenera kugona osagwedeza mutu.