Nyeleti ya pamsana siifanana ndi ya pathako

Nyengo ya kupalira ikamatha, ambiri a ife timayenda chowerama. Kwa ena ululu sukhala pamsana pokha: umatsikira m'thako, n'kutsata kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi, ukutentha ngati moto. Kawirikawiri chochititsa ndi kanyama kofewa kamene kali pakati pa mafupa a msana. Kakatuluka pamalo pake kamapanikiza mtsempha wopita kumwendo, ndipo mtsemphawo umatupa.

Ambiri amachira patapita milungu ingapo. Ululu ukakana, madokotala ena amabaya mankhwala a steroid pafupi ndi mtsemphawo kuti kutupa kuchepe.

Mpata umene singano iyenera kufikamo ndi wa mamilimita ochepa chabe, choncho dokotala sabaya mongopapasa. Wodwala amagona chafufumimba, ndipo makina a X-ray amaonetsa singanoyo pamene ikulowa. Asanathire mankhwala, dokotala amayamba wathira timadzi tooneka pa X-ray. Tikafalikira m'mbali mwa mtsempha wotupawo, singano ili pamalo oyenera. Tikazimiririka msanga, ndiye kuti yalowa mu mtsempha wa magazi, ndipo ayenera kuisuntha. Apa m'pamene pagona moyo wa munthu, pakuti mankhwala ena ali ndi timibulu timene tingatseke magazi opita kumsana. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linachenjeza kuti nyeleti imeneyi, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri, ikhoza kupuwalitsa kapena kupha.

Ukhondo nawonso si nkhani yaing'ono. Mu 2012 mankhwala okhala ndi nkhungu, ochokera ku kampani ina ya ku Massachusetts, anadwalitsa anthu oposa 750, ndipo 64 anamwalira. Ngati zinatero kumeneko, nanga bwanji kwa wobaya nyeleti wa m'mudzi amene amasunga singano m'chitini?

Musamubise kanthu dokotala. Steroid amakweza shuga m'magazi kwa masiku angapo. Omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, akhoza kukha magazi m'kati mwa msana. Ndipo kuno kwathu msana wopweteka pamodzi ndi kuonda ndi thukuta la usiku ukhoza kukhala TB ya mafupa, imene steroid angaikulitse.

Nyeletiyi imapatsa mpumulo wa milungu kapena miyezi yochepa. Kanyama kaja sikabwezeredwa pamalo pake. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 likhalabe lofuna anthu awiri. Koma miyendo ikayamba kufooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, kapena mkodzo ukamatuluka wokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.