Kukonza ngodya za maso zotalikirana mwa ana

Ana ena amabadwa ngodya za maso zakumphuno zili zotalikirana kwambiri, vuto lomwe madokotala amati telecanthus. Mwa munthu wamkulu mpata umenewu umakhala pafupifupi mamilimita 30. Ukapitirira kwambiri, kawirikawiri mafupa amakhala ali bwinobwino, koma mtsempha womangirira zikope ku fupa la mphuno ndiwo watalika.

Zimenezi zimaoneka pa matenda akumtundu otchedwa BPES, omwe gwero lake ndi kusokonekera kwa jini ya FOXL2, monga zinadziwikira mu 2001. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka. Maso a mwanayo amakhala aang'ono, zikope zam'mwamba zogwa, ndipo kakhungu kochokera ku chikope cham'munsi kamaphimba ngodya ija. Kuti aone kutsogolo amakweza chibwano ndi nsidze, ndipo anthu amangoti mwana wa tulo.

Nthawi zambiri opaleshoni imachitika kawiri. Yoyamba, mwana ali ndi zaka 3 mpaka 5, ndi yokonza ngodya. Dokotala amacheka khungu pambali pa mphuno n'kusinthanitsa tizigawo take kuti kakhungu kaja kaphwe, njira imene John Mustardé wa ku Scotland anaitchukitsa. Kenako amafupikitsa mtsempha uja n'kuusokerera ku fupa. Mpata ukakula kwambiri, amaboola fupa la mphuno n'kudutsitsa kawaya kokokera mbali ziwirizo pamodzi. Pakapita miyezi ingapo amakweza zikope pozilumikiza ku mnofu wa pamphumi ndi kachingwe, kamene nthawi zina amakatenga pantchafu pa mwana yemweyo.

Chachikulu apa si maonekedwe ayi, ndi kuona. Chikope chikaphimba mwana wa diso, ubongo suphunzira kugwiritsa ntchito disolo, ndipo mwana akakula zimavuta kubweza. Zikatero chikope chimakwezedwa msanga, osadikira zaka zija.

Mwachitsanzo, kwa banja la ku Chelinda pamwamba pa Nyika, ulendo ndi wautali: kutsika msewu wafumbi wodzera pa Thazima kukafika ku chipatala cha boma ku Rumphi, kenako ku Mzuzu Central Hospital komwe kuli a zamaso. Iwo ndi amene angatumize mwana kwa akatswiri a maso a ana ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mtunda usachedwetse kuyezetsa.

Mwana wamkazi amafunikanso kumutsatira akamakula, chifukwa mtundu wina wa BPES umachititsa kuti asiye kusamba akadali wamng'ono, ndipo kubereka kumavuta.