Kholo Lomwe Lidatema Mphanje kwa Kaomba

M'midzi yakale ya Achewa kwa Mfumu Kaomba, m'boma la Kasungu, mbiri ya banja imayambira pa mayi mmodzi, yemwe ndiye tsinde la mbumba yonse. Ana ake aakazi ndiwo adayambitsa mabere: bere lalikulu ndi la mwana wachisamba, ndipo ang'onoang'ono amatsatira monga mwa kubadwa kwawo. Mfunda monga Phiri, Banda kapena Mwale ambiri lero amatengera kwa bambo, koma munda, ufumu ndi manda zimatsata kuchikazi.

Malo sankagulidwa. Mfumu inkaloza tchire, banja n'kutema mphanje, kutentha mitengo ndi kudzala paphulusa. Munda ukaguga ankaugoneka tsala, koma sunkachoka m'manja mwa mbumba yomwe idautema. Woyang'anira zonse anali mlongo wa mayiyo, mwinimbumba, yemwe ankagawa minda, kuimira ana a mlongo wake pamilandu ndi kukhala nkhoswa pamaukwati awo. Mwamuna wa mayiyo anali mkamwini, wobwera. Ankamanga nyumba ndi nkhokwe, ankalimanso kwa apongozi, koma banja likatha ankachoka ndi khasu ndi nkhwangwa basi. Ndiye chifukwa chake maina a amuna oterewa ndi amene amayamba kuiwalika pamndandanda wa makolo.

Tsiku linkayamba ndi khasu kum'mawa. Ankalima mapira, mawere, chimanga, maungu ndi nyemba, ndipo m'chilimwe ankatsikira kumadimba. Ntchito ikakula ankafulula mowa wa dima kuti anansi adzathandize. Amayi ankasinja pamtondo ndi kuumba mbiya, amuna ankasula makasu, ndipo ng'anjo zosungunulira chitsulo zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu National Park. Nkhondo za Angoni zitafika, anthu adaunjikana m'malinga pafupi ndi phiri la Kasungu pansi pa Mfumu Mwase, yemwe David Livingstone adamuchezera mu 1863. Mphamvu za ufumu wa Mwase zidatha Angerezi ataugonjetsa kumapeto kwa 1895.

Fodya ndiye adadzasintha kwambiri nkhani ya malo. M'zaka za m'ma 1970, malo ambiri a makolo adasanduka maesiteti a lizi, ena a kampani ya Press ya Kamuzu Banda, ndipo pepala la lizi linkakhala ndi dzina la munthu mmodzi, kawirikawiri mwamuna. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa munda wake, koma pamilandu ya malire mafumu amafunsabe za bwinja, manda ndi amene adatema mphanje.