Kodi mumadziwa? Ku Mecanhelas mita imodzi si yamasewera

Boma la Mecanhelas lili kumwera kwenikweni kwa chigawo cha Niassa, kuchita malire ndi Malawi, ndipo likulu lake ndi Insaca. Ambiri a kuno anabadwa, kukula mpaka kukalamba osaonapo nyanja yamchere. Komatu nyanjayo ndiyo poyambira muyezo wa malo onse a pa dziko. Akati phiri lakuti ndi lalitali mamita akutiakuti, amawerenga kuchokera pamwamba pa madzi ake. Lero tiyeze kwathu kuno ndi muyezo umenewo.

Kodi mumadziwa kuti nyanja ya Chilwa ili pamwamba kuposa nyanja ya Malawi?

Maso amanama. Chilwa, imene pa mapu a Chipwitikizi imalembedwa Chirua, imaoneka ngati chidambo chongoti see pansi penipeni pa dziko. Koma madzi ake ali pa mamita pafupifupi 627 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, pamene a nyanja ya Malawi, ija ena amati Niassa, ali pa mamita pafupifupi 474. Msodzi wa matemba akamapalasa bwato lake m'njedza, ali mamita 150 pamwamba pa mnzake wa usipa wa ku Metangula.

Kodi mumadziwa kuti pansi pa nyanja ya Malawi ndi potsika kuposa doko la Nacala?

Pamene nyanjayi inazama kwambiri pamafika mamita pafupifupi 700. Mukachotsera 474 aja, mupeza kuti matope a pansi pake ali mamita oposa 200 kunsi kwa mafunde a nyanja ya Indian. Chilwa ndiye mbale chabe: malo ambiri nsungwi yopondera bwato imagunda pansi.

Kodi mumadziwa kuti mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5?

Ameneyu ndiye mwini nkhani. Mzinda wa Lichinga uli pa mamita oposa 1,300, kutanthauza mamita pafupifupi 700 pamwamba pa chigwa cha Chilwa. Kusiyana kwake ndi madigiri 4 kapena 5. Kumva ngati zochepa, koma funsani mwana wa ku Mecanhelas amene anapita kukaphunzira ku Lichinga atanyamula kabulangete kamodzi. Usiku wa Juni unamuphunzitsa zimene aphunzitsi anali asanafikepo. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Tsiku lomwelo la Okutobala limene anthu pa Insaca akubisala pansi pa mitengo ya mango, kumeneko kumakhala kozizira ndi madigiri pafupifupi 15 kuposa kuno.

Kodi mumadziwa chifukwa chake kumapiri kumazizira, chonsecho ndi kufupi ndi dzuwa?

Funso ili ana amafunsa, akulu n'kuseka, koma yankho osapereka. Dzuwa silitenthetsa kwenikweni mpweya. Limatenthetsa nthaka, kenaka nthakayo ndiyo imafunditsa mpweya umene wagona pamwamba pake, monga chiwaya chimafunditsira dzanja. Mpweya wofundawo umakwera. Kumwambako kulibe mpweya wambiri woupanikiza, ndiye umafufuma, ndipo pofufumapo umazizira. Pitani pamene amakonza njinga pamsika. Gwirani kunsonga kwa pampu pamene mnyamata akupopa tayala: mukumva kutentha, chifukwa mpweya ukupanikizidwa. Ndiye achotse vavu, muike chala pamene mpweya ukutuluka kuti fyuu: wozizira. Phiri limachita zomwezo ndi mphepo, kungoti pampu yake ndi yaikulu. Nanga za kuyandikira dzuwa? Dzuwa lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Makilomita atatu a Sapitwa sawerengeka n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti nyemba zimachedwa kupsa ku Lichinga kusiyana ndi ku Nacala?

Musamunamizire wophika. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere mokha. Mukakwera mamita 300 aliwonse, amawira msanga ndi digiri imodzi. Ku Mecanhelas amawira pa madigiri pafupifupi 98, ku Lichinga pakati pa 95 ndi 96, pa Sapitwa pafupifupi 90. Mphika umabwadamuka ndithu, koma madziwo sanatenthe mofanana, ndiye nkhuni zimatha zambiri. Alendo oyenda m'maiko zaka za m'ma 1800 ankadziwa chinsinsi chimenechi. Ankawiritsa madzi n'kuviikamo choyezera kutentha kuti adziwe kuti akwera mamita angati.

Kodi mumadziwa kuti chiperoni ndi dzina la phiri la m'dziko la Mozambique?

Kamvula kowaza kaja, ka nkhungu ndi mphepo yolasa m'mafupa mu Juni ndi Julayi, kanatengera dzina ku phiri la Chiperone m'boma la Milange, chakumwera kwa Mecanhelas. Phirili limapitirira mamita 2,000. Anthu a ku Mulanje ndi ku Thyolo akaona mitambo ikuchokera mbali imeneyo, amadziwa kuti lero zovala siziuma.

Kodi mumadziwa kuti phiri limagawa mvula mokondera?

Mphepo ya mwera imachokera kunyanja yamchere itasenza chinyezi. Ikagunda phiri imakakamizika kukwera, imazizira, n'kutula mvula mbali imene yafikira. Ikamatsikira kuseri imakhala itauma kale. N'chifukwa chake tiyi amakondwa ku Gurué m'munsi mwa phiri la Namuli, lalitali mamita 2,419, komanso kumwera kwa phiri la Mulanje, pamene chigwa cha Phalombe ndi Chilwa kuseri kwake chimalandira zotsalira. Mbewu zimadziwa malo ake: mbatata ya kachewere ku Lichinga ndi ku Angónia, mpunga m'madambo a Chilwa ndi Chiuta, nandolo ndi thonje m'malo ofunda. Makolo anazindikira zimenezi kalekale popanda mapu.

Kodi mumadziwa kuti nayenso udzudzu umawerenga mamita?

Kachilombo ka malungo kamafuna kufunda kuti kakhwime m'mimba mwa udzudzu. Kumalo okwera kozizira kamachedwa, mwinanso udzudzu umafa kasanakhwime. Ofufuza amene anaunika mapiri a ku Ethiopia ndi Colombia anafalitsa mu 2014 kuti zaka zotentha malungo amakwera phiri, zaka zozizira n'kutsikanso. Dziko likamafunda, abale athu a kumtunda amene ankagona popanda masikito ayamba kuwafuna.

Kodi mumadziwa kuti ku Johannesburg kumazizira chifukwa chokwera?

Amene anapitako kukagwira ntchito amabwera ndi nkhani za chisanu choumitsa madzi m'ndowa. Mzindawu uli pa mamita pafupifupi 1,750. Durban, amene ali kumwera kwambiri kuposa Johannesburg koma m'mbali mwa nyanja, amafunda ngakhale mu Julayi. Kunonso n'chimodzimodzi: mzinda wa Tete uli pansi pa mamita 200 m'chigwa cha Zambezi ndipo madigiri 40 si achilendo, pamene ku Ulónguè, m'chigawo chomwecho, anthu amawotha moto.

Kodi mumadziwa kuti mulu wa mchenga ndiwo unalekanitsa tsogolo la nyanja ziwiri?

Dzina loti Entre Lagos pa Chipwitikizi limatanthauza pakati pa nyanja. Pamalirewa, moyang'anana ndi Nayuchi, pali mtunda wa mchenga umene unadula Chilwa kumwera ndi Chiuta kumpoto zaka zikwi zingapo zapitazo. Madzi a Chiuta akachuluka amatsikira ku Amaramba, n'kulowa mumtsinje wa Lugenda, kenaka Rovuma, mpaka kukathira m'nyanja ya Indian. Chilwa ilibe khomo. Mitsinje ya Phalombe, Likangala, Domasi ndi Mnembo wochokera mbali ya Mozambique imathiramo, koma madziwo potuluka amatulukira kumwamba, ngati nthunzi. Mchere umatsala. N'chifukwa chake madzi a Chilwa amamveka kamchere, zimene David Livingstone anaziona atafika pa nyanjayi mu Epulo 1859.

Kodi mumadziwa kuti njanji yodutsa pa Entre Lagos imatsetsereka mamita oposa 600 isanafike kudoko?

Njanji yolumikiza Nkaya ndi Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Lero sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa pamenepa kupita ku Cuamba, Nampula mpaka ku Nacala. Ana amaima m'mbali kuwerenga mabogi mpaka kusokonezeka. Malashawo amakawotchedwa kutali, utsi wake n'kuwonjezera kufunda kwa dziko lonse, kuphatikizapo dambo limene anadutsamo.

Kodi mumadziwa kuti nyanja yamchere yakwera masentimita pafupifupi 20 pakati pa 1901 ndi 2018?

Akutero akatswiri a bungwe la IPCC. Ndi kutalika kwa chikhatho cha munthu wamkulu atatambasula zala. Zifukwa zikuluzikulu ndi ziwiri: madzi akafunda amafufuma, ndiponso madzi oundana a ku Greenland, Antarctica ndi pamapiri aatali akusungunuka. Choopsa ndi liwiro. Pakati pa 2006 ndi 2018 nyanja inkakwera mamilimita 3.7 pachaka, kuposa kuwirikiza kawiri liwiro la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Ngakhale Kilimanjaro, phiri la mamita 5,895, lataya gawo loposa 80 pa 100 la chipewa chake choyera chichokereni 1912.

Kodi mumadziwa kuti ngakhale madzi oundana onse atasungunuka, nyanja siingafike ku Mecanhelas?

Ingakwere mamita pafupifupi 65 kapena 70, ndipo zimenezo zingatenge zaka zikwi zambiri. Insaca ingatsale pouma ndi mamita oposa 500. Koma malo otsika kwambiri m'Malawi, pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'boma la Nsanje, ali pa mamita 37 okha. Ku Beira ndi ku Quelimane ndiye safunika kudikira zaka zikwi. Mizindayi ili pa mamita owerengeka ndi zala, ndipo mbali zina za Beira zimatsika kuposa madzi nyanja ikadzaza. Gombe la Mozambique ndi lalitali makilomita oposa 2,400. Kumeneko chikhatho chimodzi chija chimatanthauza mchere m'zitsime ndi m'minda ya mpunga.

Kodi mumadziwa kuti nyanja imene siingatipeze ndi mafunde imatipeza ndi mitambo?

Namondwe amabadwa pamadzi ofunda madigiri 26 kapena 27 kupita m'tsogolo, ndipo mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umasenza chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100. Namondwe Idai anagunda Beira pa 14 Malichi 2019. Freddy, amene anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku, analowera kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023 n'kukwera kumtunda. Atagunda mapiri a Mulanje ndi Chiradzulu anatula zonse zimene anasenza. Madzi saiwala khwawa: ambiri mwa amene anagwa m'mapiri a Phalombe ndi Zomba anatsetserekera mu Chilwa, nyanja yopanda khomo ija, ndipo inasefukira m'minda ndi m'midzi ya m'mbali mwake.

Kodi mumadziwa kuti Chilwa yomweyo inaumapo mpaka anthu kuyenda pansi pake?

Zinachitika mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inaphweranso kwambiri. Amene anaona amakumbukira mabwato atagona chammbali pa dothi long'aluka ngati chikang'a, maukonde atapachikidwa, njinga zikudutsa pamene pankaponyedwa mono. Makumba ndi milamba yopulumuka inabisala m'maiwe a m'mitsinje kudikira mvula. Pa chigwa chosalala chonchi, madzi akatsika mita imodzi gombe limathawa makilomita, akakwera mita imodzi limabwerera kudzagogoda pakhomo. Kutentha kukamakula, dzuwa limamwa msanga mbale yosazamayi, ndipo mvula ikabwera imabwera yaukali.

Kodi mumadziwa kuti foni yanu ikhoza kukuuzani kuti mwakhala pa mamita angati?

Mafoni ambiri amakono okhala ndi GPS amaonetsa kukwera kwa malo, ngakhale amaphonya ndi mamita angapo, moti pa chigwa ngati chathu si odalirika posankha pomanga nyumba. Muyezo wabwino uli pafupi. Ndi mzere wa matope umene madzi a 2023 anasiya pa thunthu la mtengo ndi pa chipupa cha tchalitchi kapena mzikiti. Ndi agogo amene amakumbukira pamene bwato linakocheza chaka cha madzi ambiri. Musanaumbe njerwa, musanakumbe chimbudzi kapena kuimika nkhokwe, kaoneni mzere umenewo, muwafunse agogo, kenaka mukwere mita imodzi pamwamba pake.